Lipoti la nkhani: mphaka wa zaka 11 wodzimbidwa mobwerezabwereza, wosamalidwa pakhomo ndi ndalama zochepa

Wodwala ndi mbiri yake

Mphaka wamwamuna wofulidwa, wa zaka 11, amene moyo wake wonse wakhala wa m'nyumba. Pa sikelo anali makilogalamu 4.2, pamene pa khadi lake la katemera la chaka chathachi panalembedwa 4.8. Mwini wake ndi mayi wachikulire wodalira penshoni, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandiuza kuti ndisayambe kuwawerengera zoyeza zambirimbiri chifukwa m'thumba mulibe. Ndinawathokoza. Munthu akakuuziratu malire ake mumagwira ntchito bwino kusiyana ndi uja amene amangovomera ndi mutu zonse zimene wanena, n'kupita osabweranso.

Vuto linali loti mphakayo watha masiku asanu osachita chimbudzi, ndipo aka kanali kachitatu m'miyezi inayi. Amalowa m'bokosi lake la mchenga, kunyonyomala, kuchima kwa nthawi ndithu, nthawi zina kulira, n'kutuluka osasiya kanthu. Masiku awiri omalizira anasanza kawiri ndipo chakudya amangochinunkhiza. Maulendo awiri oyambawo mayiwo anamupatsa mkaka ndi mafuta ophikira, zinthu n'kuyenda patapita masiku angapo, ndiye ulendo uno anayesanso zomwezo koma sizinaphule kanthu. Chakudya chake kuyambira ali mwana ndi chouma cha m'mapaketi. Nditafunsa za madzi anati amamwa bwino kwambiri, mwinanso kuposa kale. Iwo ananena zimenezi ngati nkhani yabwino. Ine ndinazilemba n'kudula mzere kunsi kwake.

Tikucheza choncho anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka enema ya anthu, mankhwala opopera kumatako, kamene anagula dzulo lake, chidindo chisanamatulidwe.

"Adokotala, ndimati ndimupope ndekha usiku, koma manja anandilemera."

"Mayi, manja amenewo apulumutsa mphaka wanu."

Pa kabotolopo panalembedwa sodium phosphate. Enema yotere imalowa m'magazi a mphaka kudzera m'thumbo, imakweza phosphate ndi sodium, imagwetsa calcium, ndipo mphaka amatha kukomoka n'kufa m'maola ochepa. Thumbo lodzaza limasunga mankhwalawo nthawi yaitali, impso zofooka sizitha kuwatulutsa, kotero mphaka amene mwini wake amafunitsitsa kumupopayo ndi amenenso ali pachiswe kwambiri. Kabotoloko kanatsala pa tebulo langa.

Zimene ndinapeza

Mphaka wamwamuna akamachima m'bokosi, dzanja langa limayamba lafufuza chikhodzodzo, thumbo pambuyo. Njira ya mkodzo ikatsekeka mphaka amanyonyomala ndi kulira chimodzimodzi ngati wodzimbidwa, eni ake ambiri satha kusiyanitsa, koma ameneyo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Wathuyu chikhodzodzo chinali chofewa, chosapweteka, ndipo mayiwo anati mchenga amaupeza wonyowa kwambiri tsiku lililonse.

Kumtunda kwa chikhodzodzo kunali thumbo lalikulu, lolimba gwa ngati mtengo, kunenepa kwake ngati zala ziwiri zophatikiza, kuyambira m'chiuno mpaka kufupi ndi nthiti. Nkhama zinali zomata. Khungu la pa phewa nditalitsina linachedwa kubwerera. Ndinaganizira kuti madzi apereweramo pafupifupi 6 peresenti ya kulemera kwake, kumene ndi pafupifupi 250 ml. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.4, kumene kwa mphaka ndi kwabwinobwino. Impso zonse ziwiri zimamveka zocheperako. Ubweya wa kumsana cha kumchira unali wopotanapotana, chizindikiro choti sakuthanso kupindika kuti adzinyambite kumeneko, ndipo nditatambasula miyendo yakumbuyo anandilalatira. Minofu ya ntchafu inali itaphwa.

Apa mpamene ndalama zinayamba kulamula. Mayiwo akanatha kulipira kuyeza kumodzi kokha: X-ray kapena magazi. Ambiri a ife tikanathamangira X-ray chifukwa vuto lili m'thumbo. Koma chimene X-ray ikanandiuza tsiku limenelo, choti thumbo ladzaza, zala zanga zinali zitandiuza kale, ndipo ngati mafupa a m'chiuno anathyokapo n'kupanikiza njira ya chimbudzi, chala chikanamva pomuyeza kumatako atagonetsedwa ndi mankhwala. Impso zokha ndi zimene chala sichingaweruze. Ndinatenga kadontho ka mkodzo n'kuika pa refractometer, kachipangizo koonera ngati mkodzo ndi wokhuthala kapena wamadzimadzi, kuyeza kosadya ndalama kwenikweni, ndipo kanasonyeza 1.022. Mphaka wa impso zabwino, makamaka amene madzi amuchepera, mkodzo wake umayenera kupitirira 1.035. Uyu thupi lili gwa ndi ludzu koma akutayabe madzi. Ndalama zija zinapita ku magazi, ndipo ndinasankha zinayi zokha: creatinine ndi urea, zinyalala zimene impso zimachotsa m'magazi, komanso michere iwiri, potassium ndi calcium.

Creatinine anali 205 µmol/l, urea yokwera, potassium 3.3 mmol/l amene ndi wotsika, calcium ali bwino. Tinabwereza creatinine patatha masabata anayi, madzi atabwerera m'thupi, n'kupeza 178. Pa magawo a International Renal Interest Society, bungwe loona za matenda a impso a agalu ndi amphaka, mphaka wa creatinine wapakati pa 140 ndi 250 ali pa gawo lachiwiri la matenda a impso okhalitsa.

Nkhani yonse inalumikizana motere. Ntchito ya thumbo lalikulu ndi kuyamwa madzi kuchokera m'chimbudzi. Impso zikamataya madzi, thupi limakabweza pamene lingathe, ndipo limafinya chimbudzicho mpaka kuuma. Potassium akatsika minofu imafooka, ya m'thumbo yomwe. Pamwamba pa apo pali chiuno chopweteka: kunyonyomala kumawawa, mphaka amazengereza, ndipo ola lililonse limene chimbudzi chakhalitsa m'kati chikuumirabe. Kudzimbidwako kunali utsi chabe, moto uli ku impso ndi ku mafupa.

Chithandizo cha kuchipatala

Madzi poyamba, kutulutsa pambuyo. Kugonetsa mphaka wouma madzi, wa impso zofooka, n'kuyamba kumukanya m'mimba ndi njira yachidule yomupweteka. Chabwino koposa chikanakhala kumugoneka pa diripi usiku wonse. Popeza sizikanatheka, ndinamubaya madzi a diripi otchedwa Ringer's lactate pansi pa khungu, 120 ml madzulo amenewo ndi 120 ml ina m'mawa mwake, pamodzi ndi mankhwala oletsa kusanza.

Tsiku lachiwiri tinamugonetsa pang'ono. Chala chinapeza njira ya m'chiuno yotakasuka bwino, yopanda chotupa kapena fupa lolowa m'kati. Tinalowetsa kapaipi kofewa kumatako n'kuthira madzi ofunda osakaniza ndi mafuta oterera a kuchipatala, 30 ml ulendo umodzi, zimene zili m'kati mwa mlingo wa 5 mpaka 10 ml pa kilogalamu. Pang'onopang'ono, chifukwa ukathira mwaphuma mphaka amasanza ndipo masanziwo angalowe m'mapapo. Kenako kudikira, kufinya mofatsa kudzera pa khungu la pamimba kuti chibulumacho chigawike, kukankhira chidutswa kumapeto, kuchitulutsa ndi chala. Zimene zinatuluka zinali zakuda, zouma moti ukaponya m'mbale yachitsulo zimalira, zolukana ndi ubweya. Sindinalimbane nazo zonse tsiku limodzi. Thumbo lotambasuka limakhala lopyapyala ndipo limavulala msanga. Zotsalazo anatulutsa yekha tsiku lachitatu titamuthiranso madzi ali maso.

Dongosolo la pakhomo

Mphaka amafuna madzi pafupifupi 50 ml pa kilogalamu pa tsiku, ndiye wathuyu 210 ml, ndipo chifukwa cha impso ngakhale kuposa apo. Chakudya chouma chili ndi madzi pafupifupi 10 peresenti, cha m'zitini 75 mpaka 80. Mphaka ndi nyama yosamva ludzu msanga, makolo ake ankapeza madzi m'nyama imene agwira, choncho njira yodalirika ndi kubisa madzi m'chakudya. Zitini zokhazokha mayiwo sakanakwanitsa. Tinagwirizana theka la chitini pa tsiku, lothiridwa masipuni akuluakulu atatu a madzi ofunda, ndipo chouma chija aziviika m'madzi ofunda mpaka chifewe. Anayamba ndi madzi ochepa kwambiri n'kumawonjezera pa masiku khumi. Mphaka ukamusinthira chakudya mwadzidzidzi amanyanyala, ndipo akakhala masiku angapo osadya mafuta amadzaza m'chiwindi, vuto loposa limene tinayamba nalo. Chakudya choviika sichikhalitsa, chotsala azitaya pakapita maola ochepa. Mbale za madzi zikhale zitatu, zotambalala, kutali ndi bokosi la mchenga. Msuzi wa nyama yowiritsa ndinalola, bola ukhale wopanda mchere, anyezi kapena adyo, poti anyezi ndi adyo zimawononga maselo ofiira a magazi a mphaka. Mafupa ayi.

Mkaka ndi mafuta tinasiya. Amphaka akuluakulu ambiri sagaya shuga wa mu mkaka, ndiye ukagwira umagwira pomutsekula m'mimba, mopanda mlingo, n'kumutayitsanso madzi. Mafuta ophikira amagayidwa asanafike kumene kuli vuto. Ndinawachenjezanso za liquid paraffin, mafuta ofewetsa chimbudzi, amene anzawo ena anawauza: alibe kakomedwe, mphaka samumeza bwino, ndipo akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo chovuta kuchiza.

Mankhwala ofewetsa tinayamba ndi lactulose, 0.5 ml pa kilogalamu, kutanthauza 2 ml kawiri pa tsiku. Amagwira ntchito pokokera madzi m'thumbo. Vuto lake n'lakuti ndi wotsekemera ndi womata. Patatha masiku asanu mayiwo anabwera ndi zikande m'manja, akuti mphaka akangoona sirinji amalowa pansi pa bedi, akamugwira amachita thovu kukamwa, ndipo ubweya wa pachibwano wauma ngati wapakidwa guluu. Mankhwala amene akuthera pa chibwano ndi ndalama zotayika. Tinasinthira ku ufa wa polyethylene glycol 3350, wopanda fungo ndi kakomedwe, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a sipuni yaing'ono kawiri pa tsiku, wosakaniza m'chakudya chonyowa, ndi chilolezo chokweza mpaka kota ya sipuni chimbudzi chikakhalabe cholimba. Uyenera kukhala ufa weniweniwo, wosasakaniza ndi michere kapena zokometsera. Pa mlingo wochepa chonchi botolo limodzi limatha miyezi. Popeza potassium anali wotsika, ndinaonjezera potassium gluconate, 2 mEq kawiri pa tsiku. Chimene ndinabwereza kangapo n'chakuti mankhwala onse okokera madzi m'thumbo amawatenga m'thupi, ndiye kwa mphaka amene sakumwa kapena akusanza, amawonjezera vuto.

Za bokosi la mchenga ndinapempha chithunzi cha pa foni. Linali beseni lakuya, m'mbali mwake mofika pa phewa la mphakayo, loikidwa kuchipinda kumene amayenera kukwera masitepe awiri. Kwa mphaka wa nyamakazi umenewo ndi ulendo. Anadula mbali imodzi ndi mpeni kuti khomo litsike kufika masentimita asanu, n'kuika lachiwiri pafupi ndi pogona pake. Lamulo lodziwika ndi bokosi limodzi pa mphaka aliyense kuwonjezerapo limodzi, ndipo kutalika kwake kukhale kamodzi ndi theka kutalika kwa mphakayo. Kuyeretsa tsiku lililonse, kupesa ubweya tsiku lililonse. Pa zonsezi sanatulutse ndalama.

Mankhwala a ululu ndinadikira nawo mpaka madzi atabwerera ndipo creatinine tamuyezanso. Kenako ndinayamba meloxicam pa mlingo wotsikitsitsa, ndi lamulo loti tsiku limene sanadye, wasanza kapena watsekula m'mimba asapatsidwe. Paracetamol ndinawauza kuti asamuyandikize n'komwe. Chiwindi cha mphaka sichitha kumuphwanya bwino, ndipo piritsi limodzi limapha.

Chomaliza chinali kope. Mzere umodzi pa tsiku: wachita kapena ayi, cholimba, chapakati kapena chamadzi, wadya, wasanza, wakodza. Maola 48 osachita, akweze ufa ndi kundiimbira. Maola 72, kapena kusanza, kapena kukana chakudya, abwere naye. Akachima osakodza, abwere nthawi yomweyo ngakhale usiku.

Pamene ndinalakwitsa

Sabata yachitatu zinthu zikuyenda, ndinaonjezera psyllium, fibre wochokera ku makoko a njere, kota ya sipuni yaing'ono pa chakudya chilichonse. Maganizo anga anali oti ndi wotsika mtengo ndipo mwina angatithandize kuchepetsa ufa uja. Patangotha masiku asanu ndi limodzi kope linasonyeza kuti chimbudzi chakula, chikutuluka movutikira, ndipo masiku ayamba kudumphika. Fibre, kaya wa psyllium kapena wa dzungu lophika limene ambiri amalimbikitsa, amamwa madzi n'kufufuma, ndipo kufufumako kumadzutsa thumbo kuti likankhe. Izi zimathandiza mphaka amene thumbo lake likadali ndi mphamvu komanso madzi ali okwanira. Kwa amene thumbo latambasuka kale katatu konse, uli ngati ukusenzetsa katundu wina munthu amene wagwa kale ndi woyamba. Ndinayenera kuganizira zimenezi ndisanalembe. Tinasiya, ndipo m'masiku anayi zinabwerera m'malo.

Kubwereranso kwa vuto

Sabata yachisanu ndi chiwiri anabweranso, mphaka atatha masiku anayi osachita chimbudzi. Kope ndi limene linaulula. Kwa masabata awiri mayiwo anali atachepetsa ufa kufika kamodzi pa tsiku, poona kuti mphaka wachira ndipo botolo lisathe msanga. Kenako anayamba kupeza timadontho ta chimbudzi chamadzi, chamamina, m'bokosi ndi pa bulangeti. Anaganiza kuti mankhwala achuluka, ndiye anasiyiratu.

Kuganiza kwawo kunali kwanzeru, kungoti thupi linawanamiza. Chibuluma cholimba chikakhala m'thumbo chimakwiyitsa khoma lake, khomalo limatulutsa madzi ndi mamina, ndipo zimenezi zimadutsa m'mbali mwa chibulumacho n'kutuluka. Kunja zimaoneka ngati kutsekula m'mimba pamene m'kati mwatsekeka. Kusiyanitsa kwake n'koti kutsekula kwenikweni kumabwera kochuluka, pamene uku ndi timadontho totsatana ndi kuchima. Sindinawafotokozere zimenezi pachiyambi, ndipo mlandu umenewo ndi wanga. Tsopano ndimauza mwini mphaka aliyense tsiku loyamba.

Tinabwereza madzi ndi enema. Ulendo uno mwana wawo anathandizapo ndipo tinajambula X-ray tisanatulutse. Mafupa a m'chiuno anali abwino. Mafupa a msana cha kumchira anali ndi zomera za ukalamba. Kunenepa kwa thumbo poyerekeza ndi kutalika kwa fupa lachisanu la msana wa m'chiuno, L5, kunali 1.4. Pa muyezo umenewu, pansi pa 1.28 thumbo limatengedwa kuti lili bwino, ndipo kupitirira 1.48 kumaloza ku megacolon, pamene minofu ya thumbo yatambasuka mosabwereranso. Wathuyu anali pakati, chakufupi ndi kumene sitikufuna.

Ndinawaonetsa chithunzicho pa kompyuta n'kuwauza mosabisa kuti ulendo uliwonse thumbo likadzaza chonchi limatayako mphamvu zina, ndipo ufa uja si wochiza koma wa moyo wake wonse, ngati mmene anthu amamwera mankhwala a BP. Tinawerengera limodzi: kugonetsa ndi kutulutsa kamodzi kokha kumadya ndalama zoposa ufa wa miyezi yambiri. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye ndimasunga kakang'ono n'kutaya chachikulu."

Tinakambirana njira ziwiri zotsala. Cisapride amalimbikitsa minofu ya thumbo kukankha, ndipo amphaka amayamba ndi 2.5 mg kawiri kapena katatu pa tsiku. Anachotsedwa pa msika wa mankhwala a anthu m'mayiko ambiri m'chaka cha 2000 chifukwa chosokoneza kagundidwe ka mtima, ndiye masiku ano amachita kukonzedwa mwapadera ndi ma pharmacy ena, zimene zimamukweza mtengo. Saperekedwa thumbo lili lotsekeka. Njira inayo ndi opaleshoni yochotsa gawo lalikulu la thumbolo. Amphaka ambiri amachita bwino ikatha, ngakhale amakhala ndi chimbudzi chofewa kwa masabata kapena miyezi. Kwa mphaka wa zaka 11 wa impso zofooka, ndi mwini wake wa penshoni, sindinaione ngati njira yoyamba. Tonse tinagwirizana kuti cisapride tisunge ngati chotsatira, opaleshoni ikhale kumapeto.

Chimene tinaonjezera m'malo mwake ndi madzi a pansi pa khungu pakhomo, 100 ml ya Ringer's lactate kawiri pa sabata. Thumba limodzi la lita limakwana maulendo angapo, bola singano ikhale yatsopano ulendo uliwonse ndipo thumba likachita mitambo alitaye. Mayiwo amaopa singano. Ulendo woyamba ndinagwira dzanja lawo. Anatsina khungu la pakati pa mapewa kukhala ngati katenti, singano inalowa n'kutulukira mbali inayo, madzi n'kuyenderera pa tebulo. Tinaseka, tinasintha singano. Ulendo wachiwiri inalowa bwino, chotupa chofewa chinayamba kukula pansi pa ubweya, mphaka ali phee akunyambita chakudya cha m'chitini pa chala changa. Ndinawauza kuti chotupacho chidzatsikira ku mwendo wakutsogolo n'kuzimiririka m'maola angapo, ndipo ngati cha ulendo wapita chikadalipo, kapena mphaka akupuma mofulumira, asabayenso mpaka ndimuone, poti mtima wa mphaka wokalamba sulandira madzi ochuluka nthawi zonse.

Mmene alili tsopano

Papita miyezi isanu kuchokera pa kudzimbidwa komaliza. Akulandira ufa kota ya sipuni yaing'ono m'mawa ndi theka la kotayo madzulo, potassium kamodzi pa tsiku, meloxicam pa mlingo womwe uja, ndi madzi a pansi pa khungu kawiri pa sabata. Amachita chimbudzi tsiku lililonse, nthawi zina kudumpha tsiku limodzi, choumbika koma chofewa moti chimaphwanyika ndi kafosholo ka mchenga. Kawiri anafika maola 48, ndipo kawiri konseko kukweza ufa ndi kubaya madzi tsiku lomwelo kunakwanira. Kulemera kwafika 4.4, creatinine 184, potassium 4.0. Cisapride sitinayambe. Kuthamanga kwa magazi ndi mapuloteni a mu mkodzo, zimene mphaka wa impso amayenera kuyezedwa, tazikonzera ulendo wotsatira pakatha miyezi itatu, ndipo mayiwo ayamba kale kupatula ndalama zake. Chakudya chapadera cha impso tikambirana tsiku lomwelo. Kope loyamba linadzaza, abwera ndi lachiwiri, ndipo m'mphepete mwa tsamba lina analembamo okha kuti mphaka wayambanso kukwera pa mpando wa pazenera.